Lachitatu: Phiri Limene Linazizira

Werengani 2 Petro 3:3-10. Kodi onyoza a m'masiku otsiriza adzaimika maganizo awo pa umboni wotani?

Pakati pa mzinda wa Auckland, m'dziko la New Zealand, pali phiri limene Amaori amalitcha Maungawhau, ndipo Angerezi analitcha Mount Eden. Kutalika kwake ndi mamita 196. Kale phirili linalavula moto ndi chiphalaphala, koma lero lakutidwa ndi udzu wobiriwira, ndipo linasandutsidwa paki imene anthu amakwerako kukapitidwa mphepo ndi kukaona mzinda wonse uli pansi pawo. Pamwamba pake pali chidzenje chakuya mamita 50 chimene munkatulukira motowo. Amaori amachiyesa chopatulika, ndipo alendo amapemphedwa kuti asatsikiremo. M'mbali mwa phiri mukuonekabe malo amene Amaori anasalaza pomanga mudzi wa malinga, ndi maenje osungiramo mbatata. M'chaka cha 2014 boma linabwezera phirili kwa mafuko a Amaori a m'deralo.

Munthu woima pamenepo saopa kanthu, ndipo sakulakwa: akatswiri a miyala sayembekezera kuti phirili lingaphulikenso. Koma akatswiri omwewo amachenjeza za chinthu china. Mbali yaikulu ya mzindawo inamangidwa pa dera la mapiri otere oposa 50, ndipo moto wa pansi pa deralo sunafe, ungogona. Chizolowezi chake n'chakuti subwerera pa phiri lakale. Umaboola pamalo patsopano, mwina pansi pa nyanja, mwinanso pamene lero pali nyumba ndi misika. Woima pa Maungawhau amaona patsidya chilumba cha Rangitoto, chimene chinatumphuka m'nyanja zaka pafupifupi 600 zapitazo, anthu alipo kale. Pa chilumba choyandikana nacho cha Motutapu panapezeka mapazi a anthu atadindika m'phulusa lake.

Onyoza amene Petro akuwanena sakunama pa zimene akuona. Dzuwa likutulukadi, mbewu zikuchadi, maukwati akuchitikadi monga kale. Cholakwa chawo n'chakuti ayesa bata la lero ngati chikole cha mawa, naiwala dala kuti dziko linaonongekapo kale ndi chigumula (ndime 5, 6).

Nanga kuchedwaku n'chifukwa chiyani? Onani ndime 9. Mtumwi akuti Ambuye akuleza mtima kuti anthu apeze mpata wakulapa. Udzu womera pamwamba pa chidzenje ndi chifundo ndithu, koma chifundo chili ndi ntchito yake.

Yerekezani ndi 1 Atesalonika 5:1-6 ndi 1 Akorinto 10:12. Kodi chenjezo lachiwirili likulunjika kwa yani?

Pano mpofunika kuti ife okhulupirira tidziyese. Ambiri a ife timalondera phiri lakale. Mbale amene anasiya mowa zaka 20 zapitazo amalambalala malo omwera mowa, ndipo achita bwino. Koma kaduka pa udindo wa mumpingo, kapena ndalama za chakhumi zimene "wangobwereka" mwezi uno, zimamera kumbali imene sanaikeko mlonda. Amachitira umboni za moto umene unazima, pamene pansi pa mapazi ake payamba kufunda.

Zoti mukambirane m'kalasi: Akuluakulu a mzinda wa Auckland anakonza dongosolo losamutsira anthu, ngakhale sadziwa tsiku kapena malo amene moto udzatulukire. Kodi banja lanu lingakonzekere bwanji kubwera kwa Yesu sabata ino, popanda kuwerengera masiku ndiponso popanda kukhala mwamantha?