Mwana Akakhala Chete ku Malota

Kuno ku Malota, komboni ya mu Livingstone, mwana wofatsa sadetsa nkhawa munthu. Amene timagona tikumuganizira ndi uja wobwera pakati pa usiku akununkha kachasu, uja wayamba kuyenda ndi magulu amene masiku ano anthu akuwatcha majanki. Koma wokhala m'nyumba tsiku lonse, chitseko chili chotseka, poyamba timamuyamikira kuti ndi mwana womva. Akapitiriza timati wayamba ulesi. Akasiya kuyankha bwino tikamuitana timati ndi mwano wa kutha msinkhu. Zoti mwina akudwala zimabwera kumapeto kwenikweni, ndipo m'makomo ena sizibwera n'komwe.

Ndakhala ndikusinkhasinkha za ana amenewa, a zaka khumi ndi zitatu mpaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, amene matupi awo akukula koma mitima yawo yalefuka. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limati mwa achinyamata asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo matenda ovutika maganizo ndi nkhawa ndiwo ali m'gulu lotsogola. Limatinso kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zimene zikupha kwambiri anthu a zaka 15 mpaka 29. Achipatala amayang'ana ngati munthu wakhala wosasangalala kwa milungu iwiri kapena kuposa, ngati zimene ankakonda zasiya kumukoma, ngati tulo ndi kadyedwe zasokonekera. Mwa achinyamata nthawi zambiri sizioneka ngati chisoni. Zimaoneka ngati kupsa mtima msanga, mutu wosatha, m'mimba mopota, kapena mamakisi otsika kusukulu popanda chifukwa chodziwika.

Zifukwa zake sitisowa kukazifuna kutali. Livingstone ndi tauni yodya za alendo. Mliri wa korona utafika mu 2020, mahotela a m'mbali mwa Zambezi anatseka zitseko, ogulitsa ziboliboli ku Mukuni Park anakhala osaona kasitomala, ndipo sukulu zinatsekedwa mu March chaka chomwecho. Ana amene anali ku pulayimale nthawi imeneyo ndiwo achinyamata a lero, ndipo ena mwa iwo anaona bambo awo akubwerera kunyumba masana opanda chonyamula. Kenako kunabwera chilala cha 2024, madzi n'kuchepa ku Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, ufa n'kukwera. Akuluakulu timakambirana zimenezi pamsika ndi kutchalitchi, mtima n'kupepukako. Mwana amangomva zonse ali kuseri kwa nsalu yotchinga chipinda, ndipo palibe amamufunsa.

Thandizo la akatswiri lilipo koma ndi lochepa. Chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, Chainama Hills, chili ku Lusaka, makilomita oposa 450 kuchokera kuno, ndipo dzina lake lokha limaopsa makolo chifukwa anthu amalitchula ponyozana. Lamulo latsopano la zaumoyo wa maganizo linabwera mu 2019 kudzalowa m'malo mwa lija la atsamunda la 1949, ndipo zimenezo n'zabwino, koma lamulo silichulukitsa madokotala tsiku limodzi. N'chifukwa chake nkhani ya masewera olimbitsa thupi imandigwira mtima, pakuti ndi mankhwala amene Malota angawakwanitse.

Ndipo si nkhambakamwa. Mu 2023 magazini ya madokotala a ana yotchedwa JAMA Pediatrics inasindikiza ntchito ya akatswiri a ku Hong Kong amene anasonkhanitsa kafukufuku 21 wokhudza ana ndi achinyamata oposa 2,400. Anapeza kuti masewera olimbitsa thupi amachepetsadi zizindikiro za kuvutika maganizo, ndipo phindu lake linaoneka kwambiri mwa amene anali ndi zaka 13 kupita m'tsogolo komanso mwa amene anali atapezeka kale ndi matenda. Mmene zimathandizira si zovuta kumva. Thupi lotopa ndi kuthamanga limagona bwino usiku, ndipo tulo tabwino ndi chiyambi cha kuchira. Kuwala kwa m'mawa kumakonza nthawi yogona ndi yodzuka. Munthu amene akuthamangira mpira sangathe kubwereza m'mutu mawu omwe aja akuti ndine wopanda pake, chifukwa maso ndi maganizo ali pa mpirawo. Ndipo amakhala pakati pa anzake popanda wina womukakamiza kufotokoza chimene chikumuvuta.

Koma pali chinthu chimodzi chimene manambala sanena mokweza. Matendawa amayamba ndi kulanda mphamvu yomwe ija munthu angadzukire nayo. Kuuza mwana wotere kuti “dzuka, pita ukasewere ndi anzako” n'kumuwonjezera mlandu wina woti adzinyoze nawo akalephera. Ali ngati galimoto yofa batire: injini ili bwino, mafuta alimo, koma siingalire yokha, imafuna anthu oti aikankhe pang'ono.

Ndinaziona pa mwana wa mchimwene wanga, mtsikana amene kale ankadzaza nyumba ndi phokoso. Atalephera kupeza mamakisi amene ankayembekezera, anazima. Ankadya pang'ono, ankagona masana, usiku n'kumangotembenuka. Mayi ake anayesa kukalipa, anayesa kupemphera naye, anayesa kumunyengerera ndi kachitenje katsopano. Ine ndinangoyamba kumupitira m'mamawa, dzuwa la October lisanayambe kuwotcha mchenga, n'kumuuza kuti andiperekeze kumsika wa Maramba akandinyamulire katundu. Katunduyo anali tomato ndi kamtolo ka repu kamene ndikanatha kunyamula ndi dzanja limodzi.

“Azakhali, miyendo yanga ikulemera,” ankatero ali pakhomo, atavala patapata wa mayi ake.

“Tiyenda pang'onopang'ono, mwanangu. Ine ndemwe ndakalamba.”

Tinkayenda osalankhula. Iye maso pansi, ine ndikupatsa moni amayi osesa pakhomo ndi anyamata okankha mawilibala a makala. Sindinkamufunsa za mayeso. Panapita nthawi ndithu asananene chilichonse chopitirira eya ndi ayi, ndipo chimene ananena koyamba chinali chakuti tomato wa amayi aja a pakona ndi wodula kuposa wa mkati. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo, chifukwa mwana amene waona mtengo wa tomato wayambanso kuona dziko.

Koma amene anamaliza ntchito sindine. Pali kabwalo ka mchenga kumene atsikana amasewera mpira wamanja madzulo. Mizere amalemba ndi phulusa, ndipo zigoli ndi mitengo iwiri yokhala ndi mkombero wa chitsulo chopindidwa. Tsiku lina mnzake wakale anafika pakhomo ali wefuwefu n'kunena kuti timu yawo yaperewera munthu mmodzi, popanda iye sasewera. Sanamufunse ngati ali bwino. Anangoima pamenepo kumudikira mpaka anavala nsapato. Ndikaganiza bwino, mawu akuti taperewera ndiwo anali ndi mphamvu kuposa malangizo onse a ife akuluakulu, chifukwa matendawa amauza mwana kuti palibe angazindikire ngakhale atasowa, ndipo apa panali munthu wotuluka thukuta akutsutsa zimenezo. Sanachire tsiku limenelo. Panali masiku ena amene anakana kutuluka, ndipo anapitanso kukiliniki kukalankhula ndi aphungu. Koma tulo tinabwerera, ndi njala yomwe.

Ndikudziwa zimene ena anganene, chifukwa mayi ake omwe ananena: ana athu amagwira kale ntchito, amatunga madzi, amachapa, amayenda wapansi kupita kusukulu, masewera ena ati? Funso limeneli ndi loona ndipo siliyenera kunyozedwa. Koma chidebe cha malita 20 pamutu chimatopetsa thupi osatsitsimutsa mtima. Ntchito yapakhomo mtsikana amaigwira yekha, maganizo akuzungulira momwe muja, ndipo kumapeto kwake kuli kukalipiridwa ngati mbale sizinayere. M'masewera muli kuseka, kukangana za chigoli, kugwa ndi kudzutsidwa ndi mnzako. Thukuta likhoza kufanana koma mwana amabwerako ali wosiyana.

Atsikana ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri. WHO imalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi kwa mphindi 60 tsiku lililonse, koma kafukufuku wake wa m'mayiko ambiri anapeza kuti achinyamata 81 mwa 100 alionse safika pamenepo, ndipo kwa atsikana ndi 85. Kuno ndimaona mmene zimachitikira. Kamtsikana ka zaka khumi kamalumpha waida mumsewu mpaka mdima. Kakangotha msinkhu timakauza kuti wakula tsopano, usamalumphelumphe pamaso pa amuna, khala pansi bwino. Mnyamata amapitiriza kumenya chimpombwa chake cha mapulasitiki mpaka atamera ndevu, koma mlongo wake timamuchotsa pabwalo pa msinkhu womwe uja matendawa amayamba kugwira atsikana kuposa anyamata. Kenako madzulo tonse timaunjikana pa TV kuchemerera Barbra Banda, amene anagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewera awiri otsatizana ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, ndi ma Copper Queens amene anafika ku World Cup mu 2023. Atsikana amenewo wina anawalola kuthamanga. Ulemu wa mwana wamkazi ndimaufuna inenso, koma sindikhulupirira kuti umatha chifukwa wathamanga ndi anzake pabwalo dzuwa likuwala.

Kusukulu nako tili ndi chizolowezi chimene chimandiwawa. Kuthamanga tinakusandutsa chilango. Wochedwa azungulire bwalo, wolongolola adumphe ngati chule. Nthawi ya masewera ikafika pa ndandanda, kawirikawiri imasanduka ya masamu kapena yosesa, makamaka m'makalasi olemba mayeso, amene ana ake ndiwo apanikizika kuposa onse. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi adzaza, ndipo mphunzitsi sangathe kuona nkhope ya mwana aliyense. Pabwalo ndi pamene angaone msanga amene wakhala yekha pansi pa mtengo.

Sindikufuna kuti wina amve ngati mpira ndi mankhwala a zonse. Mwana amene wagona ndi njala safunika kuthamangitsidwa, afunika nsima. Mwana amene akuzunzidwa m'nyumba momwe akugona sangachire ndi kuyenda m'mamawa pamene womuzunzayo akumudikira madzulo. Ndipo pali matenda ofika pozama, pamene uphungu wa akatswiri ndi mankhwala a kuchipatala ndizo zoyamba, masewera n'kubwera pambuyo ngati wothandizira. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo m'komboni ngati ino, mmene khoma la nyumba yako ndi khomanso la mnzako, timadziwa ndithu mwana amene wasiya kuoneka panja. Chimene chimatisowa ndi kulimba mtima kogogoda.

Ngati mukumudziwa mwana wotere, musamutumize kubwalo, pitani mukamutenge, ndipo akakana lero mubwerenso mawa osamukalipira. Muuzeni mnzake wa msinkhu wake kuti akamuitane ku timu. Koma akayamba kunena kuti kuli bwino kufa, akayamba kugawa zinthu zake kapena kudzicheka, musadikire kuti muone ngati masewera athandiza. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a makoswe ndi a mbewu pamene angawafikire, ndipo mupite naye kukiliniki kapena kuchipatala chachikulu cha Livingstone tsiku lomwelo. Nambala ya Childline ndi 116, ndipo kuimba kwake n'kwaulere.