Nyanja ya ku Cape Town ndi ya ndani?

Sabata yatha ndinaika chithunzi pa status ya WhatsApp: dzuwa likulowa ku Camps Bay, mapiri a Twelve Apostles ali kumbuyo kwanga. Pasanathe ola, mng'ono wanga wa ku Mangochi analemba kuti, "Achimwene, inu ndiye munaiphula. Chaka chamawa ndikubwera." Sindinamuyankhe. Chithunzicho ndinajambula pa nthawi yopuma ya mphindi 15, epuloni nditaibisa m'chikwama.

Ndinamaliza digiri ku Zomba, ndinasakasaka ntchito zaka ziwiri osaipeza, kenako ndinakwera basi. Pano ndimaperekera zakudya mu lesitilanti ina yoyang'anizana ndi nyanja. Kogona ndi ku Dunoon, m'kachipinda kamalata komwe timagawana lendi anthu awiri. Nyanja ndimaiona tsiku lililonse, koma ndimaionera pamwamba pa mbale za anthu ena.

Funso limene limandisowetsa tulo ndi ili: kodi kukongola kwa malo ndi kwa amene walipira, kapena kwa aliyense amene ali ndi maso?

Mzinda uno unayankhapo kale funsoli, ndipo unayankha mwankhanza. Mu 1966 boma la tsankho linalengeza kuti dera la District Six, m'munsi mwa Table Mountain, ndi la azungu okha. Anthu oposa 60,000 anasamutsidwa, ambiri n'kukatayidwa ku Cape Flats, kumchenga, kutali ndi ntchito zawo. Lamulolo linatha, koma ntchito yake ikugwiridwabe ndi lendi. Nyumba zambiri zapafupi ndi nyanja zili pa Airbnb, zikudikira alendo obwera ndi madola. Otsuka mbale, osesa ndi olondera timadzuka kusanache kuti tikafike kumalo amene sitingakwanitse kugonako ngakhale usiku umodzi.

Koma ndikanena kuti ndimadana nawo mzindawu, ndinama. Tsiku lopuma ndimayenda m'mbali mwa nyanja ku Sea Point, komwe palibe wolipiritsa. Ndinakwerapo Lion's Head m'bandakucha osatulutsa ngakhale randi imodzi, ndipo nditafika pamwamba ndinagwetsa misozi osadziwa chifukwa chake. Mphepo ya m'nyanja siifunsa pasipoti. Munthu wosauka nayenso ali ndi njala ya zinthu zokongola, si nsima yokha ayi. Amene amati "bola ukudya" sadziwa kuti mtima nawo umafuna chake.

Ndiye mtengo wake ndi wotani? Lendi ndimatha kuiwerengera. Zina sizilowa mu bajeti. Maliro a agogo ndinaonera pafoni, ndili kuseri kwa khitchini, netiweki ikudukaduka. Amayi akafunsa kuti ndibwera liti, ndimati "posachedwa", ndipo ino ndi Khirisimasi yachitatu. Ndinakulira m'mbali mwa nyanja yathu, komwe ndinkasamba ndi anzanga popanda wondiyang'ana kawiri. Inde, nakonso malo ogona alendo anatchinga magombe ena, asodzi n'kumazungulira kutali. Komabe kumeneko ndinali mwana wa pamudzi. Kuno ndine wothandiza kuti ena asangalale.

Ndafika poganiza kuti kukonda malo okongola si tchimo. Cholakwa ndi kuonetsa kukongolako n'kubisa amene akukulipirira ndi thukuta lawo, ndipo pamenepa inenso ndili ndi mlandu. Chithunzi changa chija sichinaname, koma chinanena theka lokha. Theka limenelo likhoza kuchititsa mng'ono wanga kugulitsa njinga yake ya kabaza kuti apeze ya basi.

Usiku wathawu ndamutumizira zithunzi zina ziwiri: kachipinda kathu, ndowa itatchera pomwe denga limadontha, ndi mzere wa pa siteji ya basi 5 koloko m'mawa. Sindinamuletse kubwera. Ndi munthu wamkulu, ndipo ine amene ndikukanika kuchoka kuno sindingamuuze kuti asabwere. Ndangofuna kuti akamasankha, asankhe ataona mzinda wonse.

Wawerenga, timizere tiwiri tija tasanduka tabuluu. Mpaka pano sanayankhe.