Thobwa la pa Ukwati wa kwa Mbawala

Padangotelo, kudera lina kunali Njovu amene anali ndi zoimbira za pamaukwati: masipika awiri akuluakulu, ampulifaya, mikisa ndi jenereta. Mwini wakeyo sankayenda nazo. Analemba anyamata awiri, Kalulu woika nyimbo ndi Kamba woyang'anira mawaya, ndipo chilimwe chikafika sankakhala Loweruka lopanda ntchito.

Tsiku lina anawaitana ku ukwati wa mwana wa Mbawala. Dzuwa litapendeka, pelekanipelekani ali pachimake, Fisi analowa m'bwalo akuvina, chikho cha thobwa chili kumanja. Anapunthwa pa waya, thobwa lonse n'kukhuthukira patebulo. Lina linalowa m'timipata ta mikisa, lina linatsikira m'mabowo opitira mphepo a ampulifaya.

Kamba, amene anthu ankamuseka kuti ndi wochedwa, ndiye anayamba kufika pajenereta. Anaizimitsa, n'kuzula mapulagi onse. Bwalo linangoti zii.

"Achimwene, mwatani?" anakuwa Kalulu. "Ndalama zikugwa m'lichero inu mukuzimitsa nyimbo?"

"Thobwa ndi magetsi sizikhalira pamodzi," anatero Kamba. "Apa pali ng'oma, pali amayi odziwa kuimba. Ukwati suima. Zoimbirazi zisayatsidwenso mpaka zitatsukidwa ndi kuuma."

Anatembenuza mikisa chadodolido kuti thobwa lituluke, n'kupita kukapempha ankhoswe kuti abweretse ng'oma. Kalulu atatsala yekha anapukuta pamwamba pa ampulifaya ndi mpango, naona kuti yawala. Analumikiza foni yake mwachindunji, n'kulizanso jenereta. Nyimbo inalira pang'ono, kenaka fyuzi inapsa. Fyuzi ndi mlonda: imalolera kufa yokha kuti zam'kati zipulumuke. Koma Kalulu anatola kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, anakulunga fyuziyo n'kuibwezera. Panamveka kuti phu! Utsi wonunkha pulasitiki unatuluka, sipika imodzi inalira kamodzi n'kukhala chete.

Pobwerera Kalulu ananyengerera mnzake. "Tikanene kuti zinangozima zokha. Abwana sadziwa zam'kati."

"Ine ndikanena za thobwa, chifukwa ndinaika tebulo pafupi ndi ovina," anayankha Kamba. "Zotsalazo mukanene nokha."

Usiku womwewo Kamba anagogoda kwa Njovu nafotokoza. Njovu anakalipa, makutu ali petupetu, koma pomaliza anatulutsa ndalama zogulira zotsukira. Kalulu sanaonekere. Anakankhira ampulifaya kunsi kwa bedi, n'kutumiza uthenga woti mutu ukumupweteka.

M'mawa Kamba anayala mphasa pakhonde. Anamasula mikisa, tizomangira tonse akuika m'mbale kuti tisasowe, ndipo asanazule waya aliyense ankayamba wajambula ndi foni kuti adzakumbukire pobwezera. M'kati munali zomwe ankaopa. Madzi anali atayamba kuuma, koma shuga ndi ufa wa chimera zinali zitamatirira pabolodi, nyerere zitafika kale.

Mwana wa Gologolo, amene ankaonerera, anafunsa kuti, "Agogo, bwanji osangoika padzuwa, kapena m'thumba la mpunga?"

"Dzuwa limachotsa madzi, shuga limamusiya," anatero Kamba. "Mpunga nawo sutsuka kanthu. Shuga wotsalayo amakoka chinyontho, amadya timiyendo ta zipangizo mpaka tichite dzimbiri, ndipo magetsi amadutsa pomwe sayenera kudutsa."

Anatenga madzi oyera aja amathira m'batire ya galimoto, osati asidi, chifukwa a pachitsime amasiya mchere akauma. Ndi mswachi wofewa anatsuka bolodi pang'onopang'ono, pakuti shuga amasungunuka ndi madzi, spiriti payekha samutha bwino. Kenaka anatsukuluza ndi spiriti woyera wotsukira zamagetsi, amene amathamangitsa madzi n'kuuluka msanga. Timabatani totsetsereka tokwezera mawu ndi timene tinamutayitsa nthawi. Kalikonse ankakadonthezera spiriti, n'kukayendetsa uku ndi uku mpaka kunata kutatha, chifukwa kakatsala ndi shuga kamalira kuti tchetchetche pakati pa nyimbo. Atamaliza anaimika bolodiyo pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi moto.

Tsiku lachiwiri mwana wa Gologolo uja anati yauma. Kamba anapukusa mutu. "Pansi pa tizipangizo timeneti madzi amabisala. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Anadikira masiku atatu. Poyatsa analumikiza babu ya waya wam'kati panjira ya magetsi, kuti ngati pali polakwika babuyo iwale kwambiri n'kuteteza mikisa. Inangothwanima n'kuzirala. Mawu anatuluka oyera.

Loweruka likuyandikira, Njovu anaitanitsa katundu wake yense. Kalulu anabwera atanyamula ampulifaya, mzere wa nyerere ukumutsatira.

"Inangozima yokha, abwana."

Njovu anauza Kamba kuti atsegule. Kamba anayamba watsitsa magetsi otsalira m'makapasita akuluakulu aja, amene amatha kumenya munthu ngakhale pulagi itazulidwa. Atachotsa chivundikiro, zonse zinaonekera: bolodi yakuda ndi kupsa, matiranzisita ophulika, dzimbiri lobiriwira, ndi kapepala ka fodya kali pafyuzi.

"Kapepalaka kanalowanso kokha?" anafunsa Njovu.

Kalulu anagwetsa nkhope. Anagwada n'kuulula zonse.

"AKamba, ikanapulumuka?" anafunsa Njovu.

"Ikanatsukidwa tsiku lomwe lija, ikanaimba ngati mikisayi. Pano ifunika zipangizo zatsopano za ku tauni, ndipo sipika ija koyilo yake yapsa."

Njovu anakhala chete nthawi yaitali. "Fisi anataya thobwa mwangozi, ndipo wabwera kale ndi nkhuku kudzapepesa. Iwe Kalulu sindikuchotsa ntchito. Koma malipiro ako a chilimwe chino apita ku zipangizo, ndipo pokonza ukhale pambali pa aKamba, uwagwirire mswachi."

Zinaterodi. Ampulifaya inatenga milungu itatu kuti ilirenso. Pa ukwati wotsatira tebulo la zoimbira linaikidwa kutali ndi bwalo, chingwe chitazungulira, ndipo amene ankabweza aliyense wobwera ndi chikho anali Kalulu.