Khutba ya Ijumaa: Katundu wa mwana amene tinamutuma kukaphunzira malamulo

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini chilungamo, Wodziwa zobisika m'mitima. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tikulangizana kuopa Allah. Lero tifunsane funso limodzi: mwana amene tinamutuma kukaphunzira malamulo mtima ukamulemera, katunduyo ndi wa yani?

Ana athu amachoka ku Lichinga, ku Metangula ndi ku Ulongwe kupita ku Maputo, ku Beira kapena ku Nampula. Wochokera ku Lichinga amayenda makilomita oposa 2,000 kuti akafike ku Universidade Eduardo Mondlane. Kumeneko amalimbana zaka ndi zaka ndi mabuku a Chipwitikizi chozama, chimene sanayamwe kwa mayi ake. Akamaliza, Ordem dos Advogados imafunanso kuti ayambe waphunzira ntchito pansi pa loya wamkulu. Koma ife kumudzi tayamba kale kumutcha "Doutor". Tikamuimbira foni timamufunsa za mkangano wa munda, za chuma cha masiye, za m'bale amene ali m'ndende. Sitimufunsa ngati wadya kapena ngati akupeza tulo. Akalephera mayeso amabisa, pokumbukira mbuzi zimene zinagulitsidwa chifukwa cha iye.

Tsiku limene waulula kuti wathedwa nzeru, timafulumira kunena kuti imani yake yafooka. Tiope Allah pa mawu amenewa. Mneneri Yakubu analirira Yusuf mpaka maso ake anachita khungu, ndipo Allah sanamuchotse pa uneneri. Mtumiki wathu atataya mayi Khadija ndi Abu Talib m'chaka chimodzi, chakacho chinatchedwa Chaka cha Chisoni. Ngati aneneri anamva chisoni, mwana wa zaka 20 angachipewe bwanji?

Maulamaa amatiphunzitsa za faradhi kifaya: udindo umene ena akaukwaniritsa, enafe timapepukidwa. Lamulo la malo la 1997 limazindikira munda umene banja laulima motsata mwambo, ngakhale palibe chikalata. Koma mkazi wamasiye wolandidwa munda adzalidziwa bwanji lamuloli popanda womuyankhulira? Mwana uja akuphunzira m'malo mwathu. Choncho kulemera kwa mtima wake ndi ngongole yathu.

Mabuku a mbiri amasimba za Abu Yusuf, wophunzira wosauka wa ku Kufa amene anasiya maphunziro kuti akafune chakudya. Imam Abu Hanifa anaona kuti malo ake ali pululu, anamufunafuna, namupatsa thumba la ndalama, ndipo anapitiriza kumuthandiza. Wosauka ameneyu anadzakhala mkulu wa makadhi m'nthawi ya Harun al-Rashid. Zonse zinayamba ndi mphunzitsi amene anazindikira kuti wina sanabwere.

Tsono makolo, timuuze mwana kuti akalephera chaka, khomo lakwawo silitsekedwa. Amalonda, tiike mbali ya sadaka yathu pa malipiro a sukulu, lendi ndi mabuku. Inu ophunzira, mnzanu wa m'kalasi si mdani wolimbirana naye malikisi. Werengani pamodzi, idyani pamodzi, ndipo amene wasowa pa Swala ya jamaa kagogodeni pa chitseko chake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tikaona wina sakugona, sakudya, wadzipatula, kapena akunena zofuna kudzipha, tisamusiye yekha ndipo tisamuchititse manyazi. Timuperekeze ku chipatala kwa odziwa matenda a maganizo, uku tikumupemphera dua. Mtumiki anatilamula kufuna mankhwala, ndipo kutero sikutsutsana ndi kuyedzamira kwa Allah.

E, Allah! Tsegulani zifuwa za ana athu, apepuzeni katundu wawo, ndipo achiteni kukhala oimira oponderezedwa. Tikhululukireni pamene tinawasenzetsa zimene ife sitikanatha kusenza. Ameen.