Dzina Limene Munthu Amalipeza pa Malire

Mu Chifalansa munthu wa ku Belgium amatchedwa belge, mwamuna ndi mkazi chimodzimodzi, ndipo liwu lomwelo amatchulira chokoleti, mowa, ngakhale dziko lathunthu la Congo, lomwe mpaka 1960 linkatchedwa Congo belge ngati thumba lolembedwa dzina la mwini wake. Kwawo ku Belgium ambiri amayankhula Chidatchi, ena Chifalansa, ochepa Chijeremani, ndipo kukangana kwawo sikutha. Koma akangolowa m'dziko la France onse asanduka amodzi, anthu omwe Afalansa amakonda kuwapekera nthabwala zowayesa opepera.

Kodi ife a ku Mzimba tingadabwe nazo? Munthu wa ku Embangweni kapena ku Edingeni akakhala kwawo amadziwika ndi chiwongo: uyu ndi Jere, uyo ndi Nyatembo, ndipo onse akudziwa kuti makolo a wina anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, pomwe a wina Angoniwo anawapeza ali pompano, ngakhale lero onse amapatsana moni m'Chitumbuka. Koma agogo athu atafika ku Harare anatchedwa Mabhurandaya, pomwe ena mwa iwo Blantyre anali asanapondeko. Ku migodi ya ku Joni anali Anyasa basi. Lero mnyamata wokwera basi pa Jenda amakatsika ku Joni ali Mmalawi, ndipo tsiku loipa amamva dzina lachipongwe lija, kwerekwere.

Chimene chimandilemera ndi chakuti dzina lotere munthu amalipeza litadzaza kale. Ku Joni eni nyumba ambiri amati Mmalawi ndi wokhulupirika, n'kumusiyira makiyi asanamudziwe n'komwe. Kodi makiyi amenewo wapatsidwa ndani, mnyamatayo kapena matchona aja omwe anagwira ntchito mwaulemu mpaka kufera komweko, manda awo abale osawadziwa? Iye akudya za m'munda umene sanalime, ndipo akaba foni imodzi, amene adzatsekeredwe chitseko ndi mng'ono wake amene akadali kusukulu ku Mzimba boma.

Nanga mwana wobadwa lero ku Brussels, amene dzina lake lamangiriridwa ku nkhanza za Mfumu Leopold II ku Congo, tinene kuti zimenezo sizikumukhudza? Ngati timalandira mosavuta mbiri yabwino imene anatisiyira akufa, tidzaikana bwanji yoipa ikabwera m'thumba lomwelo?