Kodi Mtengo Wosadyedwa Zipatso Uli ndi Nchito?

Pa mwezi wa Sepitembala ndi wa Okutobala, pamene dzuwa liswa mtengo ndipo pfumbi la m'Lusaka lilowa ndi m'mphika momwe, mitengo ya jakaranda imacita maluwa. Munthu wocokera ku Mtendere akangolowa m'Kabulonga apeza pansi pa mitengo poyalidwa maluwa a mtundu wa mkanjo wa bishopu. Mitengoyi kwao ndi ku South America. Kuno inafika ndi Azungu, amene anaibzala m'mbali mwa miseu ya kumene anali kukhala iwo.

Mkulu wina woyandikana nafe ali nao umodzi pakhomo pace, umene anaupeza pogula nyumba. Caka catha anadza kudzabwereka nkhwangwa yanga kuti audule. Nditawafunsa cifukwa, anati, "Mwana wanga, kodi mdzukulu akalira njala ndidzampatsa duwa? Pamenepa payenera mango." Ndinasowa coyankha, pakuti malo a m'komboni ngocepa, ndipo mango, mapapaya ndi makotapeya aleradi ana ambiri a m'Mtendere. Ndinangoti, "Atate, yambani mwadikira maluwa ayoyoke."

Usiku umenewo ndinakumbuka anthu a ku Japan. Iwo ali ndi mtengo wochedwa sakura, umene aukonda cifukwa ca maluwa ace okha. Ku Tokyo maluwawo atuluka kumapeto kwa Marici kapena kuciyambi kwa Epulo, ndipo sakhala koposa masabata awiri. M'masiku owerengekawo mabanja, ana a sukulu ndi anthu a m'maofesi ayala mikeka pansi pa mitengo, nadya mpunga, namwa, naceza kufikira mdima. Mwambowu aucha hanami, ndiko kunena kupenya maluwa. Tsono Ajapani sangachedwe alesi. Galimoto zao zadzaza miseu yathu.

Cimene cindikhudza koposa ndi mbiri ya mwambowo. Poyamba unali wa akulu okha: Mfumu Saga inacita phwando la maluwa ku Kyoto m'caka ca 812, ndipo anaitanidwa anali a kubwalo. Koma mu 1720 wolamulira dziko, Tokugawa Yoshimune, anabzalitsa mitengo ya sakura pa citunda ca Asukayama, napereka malowo kuti mmisiri ndi wamalonda wamba azikakhala m'munsi mwace. Iye anaona kuti wosauka nayenso ali ndi maso.

Apa ndipo pagona mlandu wathu. Ife tinazolowera kuganiza kuti maluwa nga ku mayadi, ndi kuti munthu wa m'komboni ayenera kudutsa pansi pao mofulumira, ali wera, kuopa kucedwa ku nchito kapena kuuwidwa ndi galu. Ganizo limeneli sindiliyesa nzeru ya makolo. Ndiliyesa cipsera ca masiku aja pamene Mwafirika anali mlendo m'tauni. Kumudzi makolo athu anali kudziwa bwino kufiira kwa masamba anthete a m'thengo mvula isanadze, ndipo bwalo lao la milandu linali pansi pa mtengo. Ndiwonso anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Sindikana kuti njala ndiyo iyamba. Munthu woleka kulima kapena kufuna nchito cifukwa ca maluwa ngopusa. Koma inu amene mwatsiriza sukulu caka cino mudzayenda maofesi ambiri ndi makalata anu m'manja, ndipo pena mudzabwezedwa pacipata. Mukaphunzira kuyesa cinthu ciri conse ndi mimba yokha, tsiku lina mudzadziyesa nokha ndi muyeso womwewo, ndi kunena kuti munthu wosalandira malipiro ali ngati jakaranda, woyenera nkhwangwa. Agogo anu osalimanso, kodi mudzawayesa ndi muyeso uti?

Lamulungu lotsatira, titaweruka ku chalichi, ndinatenga mphasa ndi botolo la maheu kunka kwa mkulu uja. Tinakhala pansi pa mtengo. Adzukulu anatola maluwa namaphulitsa ndi zala, ndipo amai a pakhomo anadandaula kuti asesa kawiri pa tsiku. Mkuluyo anandisimbira za ku Katete kumene anabadwa, ndi za mkuyu wa pabwalo la mfumu yao. Za kudula sitinanene. Mbande ya mango anaibzala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda, koma nkhwangwa yanga sanabweze kufikira lero.