Mfundo Zofunika pa Zithupsa, Mphere ndi Zipere

Ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga m'boma la Chitipa, miyezi ya June ndi July kumazizira koopsa. Kusamba kumakhala kwa apo ndi apo, ana amagona mothithikana m'bulangete limodzi, ndipo posakhalitsa nyumba yonse imayamba kudzikanda.

1. Musaseke mnzanu wa zithupsa. Tizilombo timene timayambitsa zithupsa, totchedwa Staphylococcus aureus, timapezeka m'mphuno mwa pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse, ngakhale osamba ndi sopo wonunkhira. Timangokhala phee mpaka khungu litang'ambika, kaya ndi lezala, chikhadabo kapena poluma udzudzu. Amene mukuseka, n'kutheka kuti muli nato.

2. Chilonda sichichepa. Mphere zimayamba ndi kachilombo kamene kamaboola khungu n'kuikiramo mazira, makamaka m'mipata ya zala, m'mikono ndi m'chiuno. Usiku kuyabwa kwake kumafika posauzana. Mwana akakanda, mabakiteriya a Streptococcus amapeza polowera, zilonda n'kuyamba mafinya ndi nkhanambo zachikasu. Pakapita masabata angapo, ana ena amatupa nkhope ndi miyendo, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Pamenepo ndiye kuti impso zakhudzidwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti panthawi imeneyi achibale ena amayamba kuloza chala agogo osalakwa kuti alodza mwana, kuiwala kuti nkhani inayambira pa kadontho kapakati pa zala. M'chaka cha 2017 bungwe la WHO linaika mphere m'gulu la matenda onyalanyazidwa, ndipo kunyalanyazako kumayambira pakhomo pathu.

3. Vuto la m'nyumba n'la onse. Mankhwala a mphere opaka a benzyl benzoate akaperekedwa, apake aliyense wogona m'nyumbamo, ndi bambo omwe, osati mwana yekha. Zovala ndi zofunda zichapidwe n'kuyanikidwa padzuwa.

4. Chotsika mtengo chimadula pambuyo pake. Mafuta ena a m'timachubu a pamsika, kuphatikizapo oyeretsa khungu, amakhala ndi mankhwala a steroid. Mukapaka pa chipere, kufiira ndi kuyabwa kumachepa masiku oyamba, inu n'kumati mwachira, pamene chiperecho chikufalikira mwakachetechete. Zipere za m'mutu nazo sizimva zopaka zokha, zimafuna mapiritsi akumwa kwa masabata angapo. Ndipo inu ometa, kupukuta makina ndi kansalu kamodzi tsiku lonse si ukhondo. Mutu wa mwana wa mnzanu ndi udindo wanu.

5. Manyazi sachiza. Chithupsa cha pamphuno kapena pamlomo wam'mwamba musachifinye, chifukwa tizilombo tingalowe m'magazi. Mukaona chilonda chikukula, pozungulira pake patentha n'kufiira, thupi latentha, kapena mwana watupa zikope, musadikire tsiku la msika. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akakutumizani kuchipatala chachikulu ku Chitipa boma, musazengereze.